Mchere Umene Sindinathire

Mwana wanga woyamba anadwala pa nthawi yoingitsa mbalame ku sikimu ya Likangala, mpunga utayamba kufiira. Anali wamkazi, wa miyezi isanu ndi umodzi, wonenepa masaya, ndipo anali atangoyamba kukhala yekha pansi. Ine zaka zanga zinali zisanakwane makumi awiri. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, ndipo m'mudzi ankandidziwa ndi chinthu chimodzi chokha, manyazi. Munthu wamkulu akandifunsa kanthu ndinkayang'ana zala za kumapazi. Amayi ankanena kuti ndinabadwa pakamwa patasokedwa.

Tinkakhala kwathu kuchikazi. Nyumba yathu bambo a mwanayo anaimanga kuseri kwa nyumba ya amayi, moti amayi akatsokomola ife tinkamva. Bamboyo anali msodzi wa matemba. Ankapita kunyanja ya Chilwa n'kukakhala pa chimbowera, kanyumba komangidwa pa udzu woyandama, milungu itatu kapena inayi. Akabwera ankagona masiku awiri n'kubwereranso.

Pa nthawi imeneyo mwanayo tinali tisanamutenge. Kwathu mwana akabadwa, bambo ndi mayi amagona mphasa zosiyana kufikira tsiku limene akuluakulu anena kuti tsopano mutengeni mwana, n'kukulangizani kachitidwe kake. Tsikulo amayi anali ataliika kale kawiri. Koyamba kunagwa maliro. Kachiwiri mayi amene ankayenera kudzatilangiza anapita ku Songani kukadwazika mchemwali wake. Ndiye bambo a mwana atabwera ulendo umenewo, sitinadikire. Sindinganene kuti anandikakamiza. Tinagwirizana awiri kuti palibe amene adzadziwe, ndipo m'mawa mwake iwo ananyamula ufa wawo n'kubwerera kunyanja.

Anandisiya ndili wotentha. Mkazi wotentha sathira mchere m'chakudya cha ena. Akathira, wodyayo amatsemphedwa: amatupa, amatsokomola, mwinanso kufa kumene, ndipo woyamba kugwidwa amakhala khanda. Izi anatiuza kuchinamwali, ndipo ine ndinazisunga kuposa za m'kalasi. Mkazi akakhala kumwezi amangoitana mnzake kuti "tandithirireni," ndipo palibe amene amafunsa. Koma ine chibadwire mwana ndinali ndisanayambenso kupita kumwezi, ndipo amayi ankadziwa, poti zovala tinkachapira limodzi. Ndikanati "Amayi, tandithirireni," akanangondiyang'ana n'kudziwa zonse.

Pa ndiwo ndinapeza njira. Ndinkaphika, n'kuphula, n'kupereka. Amayi ankalawa n'kukwinya nkhope.

"Iwe, therere ili walitani? Mchere watha m'dziko muno?"

"Ndaiwala, amayi."

"Dzulo unaiwala, lero waiwala. Tsiku lina udzaiwala mwana kuchitsime."

Ankatenga kachitini ka mchere n'kudzithirira okha, akuseka. Ine ndinkasekako pang'ono, maso ali pansi.

Patapita masiku anayi bambo ake atachoka, mwana anayamba kutsegula m'mimba. Matewera ndinali nawo atatu okha, ndipo dzuwa lisanafike pamutu onse anali pachingwe. Ndinadziuza kuti ndikudziwa chimene chachitika: mkaka wanga watentha, ndamudwalitsa ndine. Ndiye ndinayamba kumubisira bere. Akalira ndinkamubereka n'kumazungulira naye nyumba. Amayi akakhala pafupi ndinkamuyamwitsa pang'ono, akangotembenuka n'kumuchotsa.

M'mawa mwake linali Lachitatu, tsiku la sikelo. Ndinamanga khadi la mwana ndi khadi la chipani pa nsonga ya chitenje, poti masiku amenewo anyamata a malaya ofiira ankaima pakamlatho kuona makhadi. Kuchipatala chathu chaching'ono kunali anamwino, mayi wamkulu thupi, wa mawu omveka uli kumsewu. Tisanakweze ana pasikelo ankatikhazika pakhonde n'kutiphunzitsa. Tsiku limenelo anatuluka ndi beseni, mabotolo atatu a zakumwa, shuga ndi kambale ka mchere.

"Azimayi, kutsegula kwabuka," anatero. "Koma mankhwala ake muli nawo kunyumba. Madzi owiritsa, mabotolo atatu awa. Shuga, kudzaza chikhatho chonchi. Mchere, tsinani ndi zala zitatu. Zitatu, osati dzanja lonse ngati mukuthira m'ndiwo za pamaliro."

"Nanga ife a zala ngati chinangwa?" anafunsa mayi wina wogulitsa mpunga, akuonetsa dzanja lake m'mwamba.

"Inu tsinani ndi ziwiri. Chachitatucho chipume, chatopa ndi kubera anthu pa muyezo."

Khonde lonse linaseka. Kenaka kambale kanayamba kuyenda, kuti aliyense atsine n'kuthira m'beseni, anamwino aone ngati tamva. Madzi a m'beseniwo ankati amwetsa ana odwala pomwepo. Kambale kakundiyandikira, ndinamutsina mwana wanga pantchafu kuti alire, n'kuimirira ngati ndikukamutonthoza. Ndinabwerera katadutsa. Chimenechi sindinachiuzepo munthu, kuti mwana wodwala ndinamutsina dala.

Nthawi yathu itakwana, anamwino anamukoka khungu la pamimba n'kumugwira paliwombo.

"Sanafike poipa. Kayambeni lero lomwe. Akangotsegula, mpatseni. Asasowe madzi. Ndipo bere musasiye, mwamva mayi?"

"Ndamva."

"Funso?"

Funso ndinali nalo, linali pamlomo penipeni: kodi munthu atapanda kuthira mcherewo, madziwo angagwirebe ntchito? Koma kumbuyo kwanga kunali mzere wa azimayi a m'mudzi mwathu momwe, ena otunga nawo pachitsime chimodzi. Ndinati, "Palibe."

Zitsime za kwathu kufupi ndi nyanja madzi ake amamveka kamchere, ndipo tinkawanyoza. Pofuna kumuchitira mwana zabwino, ndinayenda mpaka kumtsinje kukatunga okoma. Ndinawasefa pansalu, ndinawawiritsa, ndinayeza mabotolo atatu bwinobwino. Shuga ndinathira. Kenaka ndinatenga kachitini ka mchere n'kukhala nako pansi m'nyumba, chitseko chili chotseka. Zala zitatu ndinazipinda monga anationetsera. Zinafika pamwamba pa mchere n'kuima. Panja amayi ankapeta mpunga, lichero ndinkalimva. Ndikanaitana ngakhale monong'ona akanamva.

Ndinayamba kukambirana ndi mtima wanga. Kamchere kotsina ndi zala, m'madzi ochuluka chonchi, kangachite chiyani? Ngakhale kumveka sikangamveke. Mchere ndi wokometsera basi, ngati m'ndiwo. Mankhwala enieni ndi madziwa ndi shuga, poti anamwino anenetsa kuti asasowe madzi. Ndikathira ndimupha, ndikapanda kuthira palibe chichepe. Ndinabweza kachitini pamalo pake.

Mwana anawalandira madziwo ndi manja awiri. Anali ndi ludzu, bere ndinkamumana, ndipo madziwo anali otsekemera. Ndinayamba ndi supuni, kenaka kapu. Mabotolo atatu anatha dzuwa lisanalowe, ndinawiritsa ena. Ndikaona akumeza mtima unkakhala pansi. Ndinkaona ngati kapu iliyonse ikutsuka chimene ndinamuchitira, ndiye ndinkamupatsa ngakhale asanatsegule, ngakhale akukankha kapuyo ndi kadzanja.

Amayi anandiyamikira. "Taonani, wamanyazi uja kulera akutha. Koma bere bwanji sakuyamwa?"

"Akukana, amayi."

"Kukana bere mwana wa msinkhu uwu?"

Anandiyang'ana pachifuwa, pamene bulauzi inali itanyowa, koma sanapitirize. Mkakawo ndinkakaufinyira pansi kuseri kwa bafa n'kukwirira ndi phazi.

Tsiku lachiwiri kutsegula kunachepa, ine n'kuti zatheka. Koma mwana anayamba kusanza, ndipo anasiya kulira. Ankangogona. Ukamudzutsa ankatsegula maso pang'ono ngati munthu woledzera, mutu n'kugwera kumbali. Ndinati watopa ndi matenda. Akasanza ndinkati madzi atayika, n'kumuwonjezera ena.

Lachisanu m'mawa zikope zinali zitatupa. Amayi anamunyamula n'kutuluka naye poyera. Anamutembenuza, anamudina kuphazi ndi chala, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Mwana uyu watsemphedwa."

Anatembenukira kwa ine.

"Akamwini anachoka liti muno?"

"Sabata yatha."

"Ndinadziwa ine. Kudoko kuja kwadzaza akazi ogula matemba, ena amagona konko. Munthu wachita zake uko, wabwera kudzanyamula mwana ndi manja omwewo. Iwe sunaone kanthu?"

"Ayi."

"Ungaone chiyani iwe, maso ali pansi tsiku lonse."

Anandibwezera mwana n'kutuluka kukafuna mankhwala a tsempho kwa mayi wina wodziwa mizu kumudzi wa kutsidya. Podutsa pachitsime anaima n'kuwauza azimayi zimene akamwini awo achita. Ndinkawamva ndili m'nyumba. Sindinatuluke. Mwamuna amene sanapite kwina kulikonse ankadyedwa miseche pachitsime, ine ndili kalikiliki kuwiritsa madzi ena.

Chakumasana, amayi asanabwere, ndikumupatsa kapu, mwana anauma thupi. Msana unapindikira kumbuyo, maso anatembenuka kutsala oyera okhaokha, timanja tinayamba kugwedezeka tokha, kukamwa kukutuluka thovu. Ndinakuwa. Ndikhulupirira kuti kanali koyamba anthu a m'mudzi mwathu kumva mawu anga onse. Bambo wina woyandikana nafe, wogula nsomba kudoko n'kumakagulitsa ku Songani, anali atangochokera kumzikiti. Anamasula dengu panjinga n'kuliponya pansi.

"Kwerani, mlongo. Mwanayo mumugoneke chammbali, asatsamwe."

Ndinakwera. Botolo la madzi aja ndinalikulunga m'chitenje, kuti mwana asasowe madzi panjira. Mpaka pamenepo ndinkakhulupirira kuti madziwo ndi amene ankamusunga.

Kuchipatala tinapeza adokotala, bambo wochepa thupi wolankhula pang'onopang'ono, ndi anamwino aja. Anamugoneka mwana pabedi n'kumupatsa mankhwala, kugwedezeka kuja kunaleka. Koma sanadzuke. Adokotala anamugwira pamphumi, anamupinda khosi, anamuyang'ana m'maso ndi katochi.

"Ndimayesa malungo aakulu," anatero, "koma thupi silikutentha, khosi silinaume."

Anamwino anandizindikira. "Si mwana ndinamuona Lachitatu uyu? Sanali chonchi. Madzi munampatsa, mayi?"

"Ndinampatsa."

"Monga ndinanenera?"

"Inde."

Anaona botolo likusuzumira m'chitenje n'kulisolola. Anathira pang'ono m'dzanja n'kunyambita. Anathiranso n'kunyambitanso.

"Mayi, mchere uli kuti umu?"

"Ndinathira."

"Lilime langa lakalamba koma silinafe. Uyu ndi tiyi wopanda masamba."

Nthawi yomweyo amayi analowa, akupuma mwawefuwefu, mizu atamanga pansalu. Anali atamva m'mudzi n'kutitsatira wapansi. Anaima pakhomo.

Adokotala anakoka kampando n'kukhala patsogolo panga, kuti ngakhale ndiweramitse mutu ndiziwaonabe.

"Mayi, ine sindikufuna kukukalipirani. Mabotolo a dilipi alipo amitundumitundu. Ndikapachika lolakwika, mwanayu ndimumaliza ndine. Ndiye ndiuzeni zoona. Mwaiwala lero lokha, kapena chiyambire?"

Ndinayang'ana pabedi. Kamimba kankakwera n'kutsika pang'onopang'ono, kenaka n'kukhala ngati kaima, kenaka n'kukweranso. Ndinayang'ana mapazi a amayi pakhomo, ali fumbi lokhalokha.

"Chiyambire," ndinatero.

"Masiku atatu onse? Mabotolo angati patsiku?"

"Atatu. Dzulo anapitirira."

"Bere?"

"Ndinamumana."

Adokotala sanafunse chifukwa. Anaimirira n'kupita kukatenga botolo, ndipo posachedwa anali akufunafuna mtsempha pakadzanja. Amene anafunsa ndi anamwino. Anandiyandikira n'kutsitsa mawu.

"Mwanayu munamutenga?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndiye abambo ake anabwera."

Ndinagwedeza mutu. Anamwino ankayesa kunong'ona, koma mawu awo sankadziwa kunong'ona, ndipo amayi anamva. Anakhala pansi pakhomo pomwepo, miyendo atatambasula ngati pamaliro.

"Mwana wanga," anatero anamwino, "bwanji osandikokera pambali Lachitatu lija? Ndikanakuthirira ine. Ukuyesa ndiwe woyamba?"

Akanandilalatira ndikanapirira. Kundilankhula mofatsa chonchija n'kumene kunandiliza.

Tikudikira ambulansi yotitengera kuchipatala chachikulu cha kutauni, adokotala anatifotokozera tonse awiri, ine ndi amayi.

"Magazi a munthu ali ndi mchere wake, wokwanira bwino. Mwana akamatsegula kapena kusanza, amataya madzi ndi mchere pamodzi. Inu mumabweza madzi okha. Mukamangothira madzi m'ndiwo, kuthira, kuthiranso, osawonjezera mchere, zimatani?"

"Zimasukuluka," ndinayankha.

"Magazi akenso asukuluka. Akasukuluka chonchi, madzi amalowerera mu ubongo, ubongo n'kutupa. Ndi kugona kuja, ndi kugwedezeka kuja. Mkaka wanu ukanamuthandiza, poti uli ndi mchere wakewake."

Anati zimachitikanso kwa akuluakulu, monga odwala impso kapena mtima, ngakhalenso munthu womweta mpunga padzuwa thukuta lili kamukamu, akamangomwa madzi okhaokha ochuluka osadya kanthu. Koma kwa khanda zimathamanga.

"Ndiye si tsempho?" anafunsa amayi ali pansi pomwepo.

"Anganga, za tsempho ine sindinaphunzire. Chimene ndikuona pano ndi mwana amene mchere wamuchepera m'magazi."

"Achira?" Limeneli ndinafunsa ndine.

"Mchere sitiubweza mothamanga, ungamuvulazenso. Tiyesa. Kulonjeza sindikulonjezani."

Kutauni anamutenga magazi ndipo ananena zomwezo. Anatipatsa bedi la pakona. Ntchito yanga inali kugwira kadzanja kuti singano isasunthe, ndi kuyang'ana madontho akugwa m'kachubu, limodzi, kenaka lina patapita nthawi. Ndinkafuna kutsegula kuti athamange. Masiku atatu ndinamukhuthulira madzi ndi kapu, ndipo tsopano moyo wake unkabwera ndi timadontho.

Amayi ankakhala panja ndi anzawo odwazika, n'kumaphika kumeneko. Tsiku loyamba lonse sanandilankhule. Ankabweretsa chakudya, n'kuika pansi pa bedi, n'kumuyang'ana mdzukulu wawo, n'kutuluka. Tsiku lachiwiri anaika mbale n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Therere lija," anatero.

Ndinadikira.

"Ndinaganiza ine. Tsiku lachiwiri lomwe ndinaganiza. Koma ndinati mwana wanga wofatsa uja sangatero, ndiye ndinakankhira akamwini." Anakonza kansalu kamene kanafunda mwana, ngakhale kanali bwinobwino. "Ukanangondisiyira mphikawo n'kutuluka panja. Ndikanathira. Kukalipa ndikanakalipa, koma mawa lake."

Ndinayamba kulira.

"Usalire pano iwe, anthu ayesa mwana wapita."

Tsiku lachitatu m'mawa, akukolopa m'chipinda, mwana anakwinya nkhope n'kulira. Kanali kakulira kochepa, kosasa, ngati ka mphaka. Anamwino a kumeneko anabwera, anamuyang'ana n'kunena kuti, "Mwayesa kumupatsa bere, mayi?" Ine ndinatembenukira kwa amayi. Ndinali nditamva zonse zimene adokotala ananena, ndinali nditaona dilipi ikugwira ntchito, koma mantha aja anali asanachoke. Mtima wina unkandiuzabe kuti mkaka wanga ndi woipa.

"Ukuyang'ana ine bwanji?" anatero amayi. "Muyamwitse mwana."

Mkaka unali utayamba kuuma. Anayamwa pang'ono n'kusiya, n'kuyambanso. Ndinakhala naye choncho mpaka msana unawawa, osasuntha.

Bambo ake anafika tsiku lotsatira, buluku likadali ndi matope a kunyanja. Sanalowe, poti apongozi awo anali mkati. Anaima panja pawindo mpaka ndinawaona n'kutuluka.

"Ali bwanji?"

"Wayamba kuyamwa."

Anapumira m'mwamba. Kenaka anati, "Amake mwana, akuti ndine. Padoko ponse akuti ndine. Ndatsika m'bwato anthu akundiloza. Mkazi wake uti? Inu mukundidziwa."

Ndinawauza zonse kupatula za kumutsina mwana, titaima pafupi ndi mpopi pamene anthu ankatsuka mbale: za therere, za kambale, za zala zitatu, za bere, ndiponso kuti amayi akunena pachitsime ine ndinkamva koma sindinatuluke. Sindinalankhulepo mawu ambiri chonchija kwa iwo chikwatiranireni. Anamvetsera akuyang'ana madzi akutayika pampopi.

"Ndiye ndifedi, awiri," anatero.

"Ayi. Za mphasa ndi awiri. Za mchere ndine."

Kenaka anati, "Asiyeni azinena ine. Mwamuna zimamutha msanga."

Sizinathe msanga. Zaka zambiri akazi a padoko ankawaseka nazo, ndipo amuna anzawo akaledzera ankawafunsa kuti mayi uja wa matemba ali bwanji. Amayi sanabwerere pachitsime kukabweza mawu awo, poti kutero kunali kundiulula ine. Inenso sindinawatsutse. Tsiku lililonse ndinkatunga pamenepo, n'kumva, n'kusenza ndowa yanga.

Tinatuluka m'chipatala patatha sabata ndi masiku. Mwana anabwera kunyumba wamoyo, koma kukhala pansi kuja anali ataiwala. Ukamukhazika ankagwera kumbali ngati thumba losadzaza. Anayambiranso, mochedwa. Anzake obadwa mwezi umodzi anakwawa, anaimirira, anayamba kuthamangitsa nkhuku, iye akadali kudzikoka ndi matako. Ndinapita naye kwa adokotala aja kukafunsa ngati ndi madzi aja. Anamuyeza miyendo, anamuombera m'manja kumbuyo kwa khutu, iye n'kutembenuka.

"Akumva, akuona, miyendo ili ndi mphamvu. Ana ena amangochedwa, mayi, ngakhale amene sanadwalepo."

"Koma uyu ndi madzi aja?"

"Sindinganene kuti inde, sindinganene kuti ayi."

Yankho limeneli ndakhala nalo mpaka lero. Mwanayo anakula, ali ndi ana ake, ndipo amadziwa kuti ali khanda anadwala kwambiri kutsegula m'mimba. Zinazo sindinamuuze. Akadandaula mutu, ngakhale pano ali mayi wamkulu, ine tulo ta masana timandithawa ndipo ndimayamba kumufunsa mafunso mpaka amatopa nane.

Miyezi yonse ija asanayende, m'mawa uliwonse ndikatha kusesa ndinkamuimiritsa pamtondo, timanja tikugwira m'mphepete, ine n'kukhala chapatali pang'ono n'kumamuitana. Ankandiyang'ana, n'kuseka, n'kukhala pansi. Anthu odutsa ankati ndimusiye, adzayenda nthawi yake, ndikumutopetsa. Koma mawa lake ndinkamuimiritsanso. Anayenda atatsala pang'ono kukwanitsa zaka ziwiri, tsiku limene sindinamuitane n'komwe. Ndinali kutola miyala mu mpunga, ndipo iye anaona nthochi m'dzanja la agogo ake. Anasiya mtondo, anaponya mapazi anayi, n'kugwa chafufumimba, mutu n'kugunda pansi. Amayi anaimba nthungululu mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo. Ine ndinataya lichero, ndinamunyamula akulira, n'kumutembenuzira kudzuwa kuti ndione maso ake ngati akutembenukanso. Sanatembenuke. Ankayang'ana nthochi.